Kontilakita wa mapeva amene anatikonzera msewu ku Area 49

Anthu a m'misewu yoyandikana ndi wathu akhala akundiimitsa, ena potuluka m'tchalitchi, ena pa benchi ya tomato, kufunsa ngati bambo amene anatiyalira mapeva, tinjerwa ta simenti toyala pansi, ndi wodalirika. Ndinkangoti dikirani kaye mvula. Tsiku limene anatipatsa msewu aliyense ankajambula zithunzi zoika pa WhatsApp, ndipo tsiku limenelo ngakhale ntchito yachinyengo imaoneka bwino. Tsopano madzinja atatu adutsapo, ndiye ndingathe kuyankha. Dzina la kampani sindilemba, chifukwa zina zomwe ndinene si zokoma, komanso mwiniwakeyo timapatsana moni mpaka lero.

Msewu wathu ndi wa mamita 180 mulitali, mamita 5 mulifupi, ndipo uli ndi mapoloti 22. Ndi wotsetsereka pang'ono, dothi lake katondo. Mu Okutobala fumbi lofiira linkalowa mpaka m'kabati ya mbale. Mu Januwale akabaza ankaima pamphambano n'kunena kuti, "Amayi, tsikirani pompano, kumunsiko njinga sibwerako." Chaka chilichonse tinkasonkha zogulira zidutswa za njerwa zothira m'maenje, mvula yoyamba n'kuzikokolola zonse kukazitula pa geti la nyumba yomaliza. Misewu ikuluikulu imakonzedwa kudzera ku Roads Authority ndi ndalama za Roads Fund Administration, zomwe zimachokera pa msonkho wa mafuta ndi pa matoligeti ngati a Chingeni ndi Kalinyeke. Kamsewu ka pakati pa nyumba ngati kathu kali m'manja mwa khonsolo ya mzinda, ndipo timisewu totere mu Lilongwe n'tosawerengeka. Tinaona kuti tikadikira pamzere tidzakalamba nawo matopewo. Tinalembera kalata kukhonsolo kupempha chilolezo, n'kusankha komiti. Ine anandipatsa usungichuma chifukwa ndimasunga kale buku la banki mkhonde.

Makotesheni tinatenga atatu. Za phula tinazisiya msanga, popeza kungobweretsa makina ake kudzagwira mamita 180 n'kodula kuposa nzeru. Konkire tinamuganizira, koma mipope ya madzi ya nyumba zambiri imadutsa pansi pa msewu, ndipo ukaphulika umodzi ndiye kuti n'kuswa ndi hamala. Mapeva umangozula, kukonza mpope, kuwabwezera. Amene anatiunikira zimenezi ndi bambo tinadzamusankhayu. Anzake awiri anatumiza mitengo pa foni osaupondako n'komwe msewu. Iye anabwera Loweruka m'mawa, kuyenda wapansi kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Madzi a mumsewu muno amathera kuti?" Anationetsanso satifiketi yake ya NCIC, bungwe limene linkalembetsa makontilakita nthawi imeneyo. Mtengo wake unali wapakati. Wotchipa uja tinadzazindikira kuti anawerengera mapeva a mamilimita 60, oyala pabwalo la nyumba, pamene msewu wodutsa malole umafuna a mamilimita 80. Athuwa ndi a masentimita 20 mulitali, 10 mulifupi, ndiye amalowa 50 pa sikweya mita. Msewu wonse unadya mapeva 45,000.

Kupeza kontilakita kunali kophweka. Kugawana mtengo ndiye kunatsala pang'ono kutidanitsa.

Pamsonkhano woyamba, pansi pa mtengo wa mango wa apampando, wina anati tingogawa mofanana, poloti iliyonse gawo limodzi, nkhani ithe. Asanakhale n'komwe pansi, abambo a pakona anaimirira. Geti lawo limayang'ana msewu winawo, kuno amangopereka msana wa mpanda, alipirirenji mofanana ndi ena? A nyumba yoyamba kumtunda anati iwo amaponda mamita 10 okha n'kulowa pakwawo, pamene akumunsi amayenda msewu wonse. Akumunsi anayankha kuti madzi amene amawagumulira mpanda amachokera pa madenga a akumtunda omwewo. Tinasintha, kuti aliyense alipire malinga ndi kutalika kwa mpanda wake wakumsewu. Titayeza ndi tepi, mpanda wautali kuposa yonse unapezeka kuti ndi wa gogo wina wamasiye, amene alibe galimoto ngakhale njinga yakapalasa, pamene abambo a malole awiri a mchenga poloti yawo ndi yopapatiza kutsogolo, yotambalala kumbuyo. Aliyense anaona kuti pamenepo chilungamo palibe. Panalinso poloti ya achimwene ena okhala ku Johannesburg, ya makomo 6 a lendi. Alendi anati iwo ndi odutsa, mawa akhoza kusamuka. Mwininyumba pa foni anati iye msewuwo sauponda.

Tinakhala misonkhano inayi. Pomaliza mtengo wonse tinaudula pakati. Theka loyamba tinagawana mofanana, chifukwa fumbi ndi matope zinkalowa m'nyumba zonse. Theka lachiwiri tinagawana potengera mamita a mpanda. Apakona tinawachotsera theka la gawo lawo. Abambo a malole anavomera kuwonjezera gawo lina lathunthu, ndipo ndinene zoona, sanavute, anangoti, "Bola muyale olimbawo." Eni nyumba za lendi tinawaonjezera kangachepe pa khomo lililonse, alendi osawakhudza. Silabu ya pa ngalande yolowera pageti, aliyense yake. Gogo aja gawo lawo la mamita analipira ndi zomwe anali nazo: chitsime chawo ndicho chinapereka madzi onse othira potsendera, simenti ndi zida zinkagona pakhonde pawo, ndipo mdzukulu wawo ndiye ankalondera usiku. Kontilakita anachotsa pa kotesheni ndalama ya madzi ndi ya mlonda, ife n'kuilemba pa dzina la gogowo. Maganizo amenewa anabwera nawo ndi kontilakitayo, atamva tikukangana.

Mapoloti atatu anakana kulipira. Mmodzi ananena poyera kuti amalipira kale msonkho wa poloti kukhonsolo komanso msonkho wa mafuta nthawi iliyonse akathira petulo, ndiye sangalipire msewu katatu. Mfundo yake siyopusa ayi. Vuto n'lakuti komiti ya anthu oyandikana nyumba ilibe mphamvu yokakamiza munthu, komanso sungayale msewu n'kudumpha mamita 15 a kutsogolo kwa amene wakana. Achinyamata ena ankafuna tichite zomwezo kuti achite manyazi, koma kontilakita anati madzi adzalowera pomwepo n'kufukula mbali zonse ziwiri. Gawo lawo tinaligawana otsalafe, mokukuta mano.

Kenako panabwera za kwacha. Kumayambiriro kwa 2022, ndalama zitafika pafupifupi theka, kontilakita anandiuza kuti, "Mayi, musasunge ndalamazi kubanki. Gulani simenti pano, kapena ndipatseni ndiyambe kuumba." Komiti inakana, ine ndinali patsogolo pokanapo. Munthu sitinamudziwe bwino, ndipo nkhani za amisiri othawa ndi dipoziti tonse tinazimvapo. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo thumba la simenti linakwera tikuona. Bamboyo anabwera ndi kotesheni yakale ndi malisiti atsopano n'kuziyala pa tebulo langa. Anakweza pa simenti, dizilo ndi mayendedwe okha. Ndalama ya manja ake anaisiya momwe inalili. Tinasonkhanso kachiwiri, ndipo mauthenga amene ndinalandira pa gulu la WhatsApp sabata imeneyo sindiwabwereza pano. Anzathu a msewu wachitatu kuchokera kwathu anati adikire zinthu zikhazikike, anadzakumana ndi 44 peresenti ya mu Novembala 2023. Mpaka lero akuthira zidutswa za njerwa.

Ntchito inayamba mu Julaye. Anakumba kuchotsa dothi lapamwamba, kuthira gravel, kunyowetsa, kutsendera ndi rola, kuthiranso, kutsenderanso. Masabata awiri oyambirira panalibe peva ngakhale imodzi yoyalidwa, anthu n'kuyamba kundifunsa ngati ndalama zilipodi. M'mbali anaika makebu omangira m'konkire, kuti mapeva asamathawire kunja galimoto ikamaponda. Mchenga woyalapo unali wochepa, wosapitirira zala ziwiri, wosalazidwa ndi thabwa. Ine ndinkaganiza kuti akutibera mchenga, koma kapitawo anandifotokozera kuti ukachuluka msewu umadzachita mafunde. Kayalidwe kake ndi kopingasa ngati maluko a lichero, osati mizere yowongoka, kuti tayala likamakankha mapeva azigwirana okhaokha. Pomaliza anasesera mchenga wosefa m'mipata n'kudutsitsapo makina ogwedeza. Kapitawo ameneyu, mdala wochepa thupi wosakonda zoyankhula, ndiye chuma cha kampaniyi. Tsiku lina ndinamuona akuzulitsa anyamata mizere ya m'mawa wonse chifukwa chingwe chinapotoka pang'ono.

Tsopano zowawa. Sabata yoyamba yomwe anaphulitsa mipope iwiri, chifukwa anayamba kukumba osafunsa eni nyumba kuti mipope yawo imadutsa pati. Nyumba zinayi zinakhala masiku atatu zopanda madzi. Anakonza ndi ndalama zake, koma titayamba takangana kaye.

Chachiwiri, mu Ogasiti anasowa masiku 9. Foni yozima, anyamata atawatengera ku ntchito ina, ngalande zili yasa pa mageti. Galimoto zitatu zinatsekeredwa m'mipanda, ndipo aneba anga amene ankayembekezera anachita kuwagwira mkono powolotsa pa thabwa usiku wopita kuchipatala. Aganyu amene sanawalipire anabwera kudzagogoda pa geti langa, poti anamva kuti ndalama zimakhala kwa ine. Atabwerera anapepesa bwinobwino, koma chifukwa chomveka sanapereke.

Chachitatu ndi mapeva a malole awiri amene anabwera asanakhwime. Simenti imafuna pafupifupi masiku 28 kuti ifike pa mphamvu yake, ndipo awawa zikuoneka kuti anawanyamula akadali anthete. Amene anatulukira ndi abambo ena opuma pa ntchito, omwe ankakhala pa mpando wapulasitiki tsiku lonse kuonerera. Anatenga mapeva awiri n'kuwagundanitsa. Okhwima amalira mokweza ngati mbale, awa ankangoti phu, m'mphepete n'kumanyenyeka ndi chikhadabo. Kontilakita anawabweza osatsutsa. Funso limene ndimakhala nalo n'lakuti akanapanda mdala wa pampando uja, akanawabweza?

Cholakwa chachikulu chinaonekera mvula itabwera. Mamita 30 akumunsi anawagwira nthawi ya mizere ya mafuta ya chaka chimenecho, rola itaima kusowa dizilo. M'malo modikira, anatsendera ndi zibumira zamanja osatiuza. Pofika Febuluwale panali patatitimira mizere iwiri motsata matayala, madzi n'kumadikha. Chimene chinatipulumutsa ndi chiganizo chimodzi cha mu mgwirizano, chimene mlembi wathu anaumirira: 10 peresenti ya ndalama zonse ikhale kwa ife mpaka dzinja loyamba lithe. Mu Epulo ndinangomutumizira chithunzi. Anabwera ndi rola, kuzula chigawo chonsecho, kutsendera mwatsopano, kubwezera mapeva omwewo. Kuyambira pamenepo sipanasunthenso.

Pa ngalande yakumunsi cholakwa ndi chathu. Iye analemba kuti imangidwe ndi miyala ndi simenti mpaka pa kalavati ya msewu waukulu. Ife, ndalama zitatithina, tinadula mamita omaliza kuti akhale a dothi. Anatichenjeza kawiri. Madzi amene kale ankalowerera m'matope tsopano amathamanga pa mapeva ngati pa lata, ndipo anakumba chigwembe mpaka kutsala pang'ono kugwetsa mpanda wa nyumba yomaliza. Tinasonkha kachitatu.

Ndiye kwa amene mumandifunsa: inde, ndikhoza kumulembanso. Amadziwa za madzi, sanama pa mitengo, ndipo akalakwitsa amabwerera. Koma ndalama muzimupatsa m'zigawo, ntchito ikaoneka, ndipo yomaliza muigwire mpaka mvula ithe. Mu mgwirizano mulembemo makulidwe a mapeva, masiku a ntchito, ndi zoti rola ikaima ntchito iimenso. Funsani ngati kapitawo wochepa thupi uja akadali naye. Ndipo mupeze munthu wanu wokhala pa mpando wapulasitiki.

Chaka chatha mpope unaphulikadi pakati pa msewu. A zamadzi anazula mapeva, kukonza, ndipo anyamata awiri a mumsewu momwemo anawabwezera madzulo a tsiku lomwelo. Asanu amene anasweka tinatenga pa mulu wa otsala umene uli kuseri kwa khitchini yanga. Tinaikanso mahampu awiri, chifukwa msewu utangosalala oyendetsa galimoto anayamba kuuyesa wa ku Kanengo, pamene ana amasewera mpira pomwepo. Achimwene a ku Johannesburg aja anakweza lendi mwezi womwe tinamaliza, akuti nyumba zawo tsopano zili pa msewu wabwino. Mwa atatu okana aja, mmodzi anayamba kutumiza pang'onopang'ono pa Airtel Money osanena kanthu, ndipo anamaliza mu Disembala. Awiri enawo mizere yawo m'buku langa ikadali yoyera. Wamisonkho uja amandiimikira galimoto m'mawa uliwonse, kutsitsa galasi, n'kufunsa ngati ndikulowera kutauni.