Ndemanga: mainjiniya omwe anatiyezera holo yakale ya zisudzo ku Zomba

Nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha lipoti, ndifotokoza m'munsimu.

Ndili mu komiti yomwe ikufuna kudzutsanso holo yakale ya zisudzo kuno ku Zomba, yomangidwa nthawi ya atsamunda, likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Makoma ake ndi a njerwa zootcha, ochindikala bwino, siteji ya matabwa, kumbuyo kuli kabalikoni ka konkire komwe kanadzaonjezeredwa pambuyo pake nthawi yomwe ankaonetseramo mafilimu. Pulani yathu inali pulasitala watsopano, penti, malata, mipando, magetsi a pa siteji basi titsegule ana ayambe kusewera. Amene akutithandiza ndi ndalama ndi omwe anakana, akuti kaye mainjiniya aone ngati nyumbayo ingapirire chivomerezi komanso ayeze njerwa ndi konkire yake. Ena mu komiti anadandaula kuti ndalama zongotaya izi, nyumba yakhala zaka zonsezi osagwa nde igwe lero? Komatu dziko lathuli lili mu Rift Valley, chigwa chachikulu chomwe mumachitika zivomerezi, nyanja yathu yomweyi ili m'chigwa chimenecho, ndipo amene analipo akukumbuka chivomerezi cha ku Salima mu March 1989 ndi zija za ku Karonga mu December 2009 zomwe zinagwetsa nyumba zambiri mpaka anthu kumwalira. Likulu la Geological Survey, dipatimenti ya boma yoona za miyala ndi zivomerezi, lili konkuno ku Zomba, si nkhani yachilendo ayi. Ndipo holo si nyumba yogona banja limodzi, ikadzaza mumakhala ana a sukulu ambirimbiri ndipo makomo otulukira ndi ochepa.

Kampaniyo ndi ya ku Blantyre, tinaonetsetsa kaye kuti inali yolembetsedwa ku NCIC, bungwe loona za makampani a zomangamanga. Anabwera injiniya wamkulu, mayi ndithu, ndi anyamata awo a zida. Chinthu choyamba chomwe chinandisangalatsa nchoti sanathamangire kuboola makoma. Anayamba kuyeza nyumba yonse ndi tepi nkujambula pulani yatsopano poti yakale inasowa kalekale, mng'alu ulionse anaujambula chithunzi nkuupatsa nambala, anakwera kudenga ndi tochi, anafunsanso agogo ena omwe anakhalapo mlonda pamalopo kuti madzi amayenda kuti mvula ikagwa. Kenako nde anakumba maenje m'mbali mwa khoma kuti aone maziko akuya bwanji komanso dothi lake ndi lotani.

Pa konkire ya balikoni anagwiritsa ntchito kachida kamene amati rebound hammer, amakakanikiza pa konkire nkudumpha, nambala yomwe yatuluka imapereka chithunzi cha kulimba kwake. Mayi aja anatiuziratu kuti kameneka pakokha sikokwanira chifukwa konkire yakale imauma gwa pamwamba pomwe mkati muli mofooka, nde anaboolanso ndi makina nkuchotsa tizidutswa tozungulira topita nato ku labu kukaphwanya. Pompo anapopera mankhwala ena pa kachidutswako, pomwe pasanduka pinki ndiye kuti konkireyo ikutetezabe zitsulo ku dzimbiri, pomwe sipanasinthe mtundu ndiye kuti mpweya unalowerera kale. Pa mapilala awiri a balikoni mbali yosasintha mtunduyo inali itafika mpaka pa zitsulo, atagumula pang'ono tinaona tokha dzimbiri lili mbuu. Njerwa zingapo ndi matope apakati pake anatenganso.

Zomwe zinatuluka ndi zomwe zandichititsa kulemba ndemangayi. Njerwa zambiri zili bwino, maziko alibenso vuto lalikulu. Vuto lili kumwamba komwe ife sitimayang'anako nkomwe. Nyumbayo ilibe ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa makoma kuti agwirane, denga linangosanjikidwa pa makoma popanda chomangirira, makoma a m'mbali ndi atali komanso alibe khoma lodutsa pakati loti liwagwire poti holo imafuna malo otakasuka, ndiye gebulo (khoma losongoka lija lofika kunsonga kwa denga) ya kumbuyo kwa siteji yaima payokha pamwamba penipeni. Anatifanizira ndi katoni yopanda chivindikiro, ukaigwedeza mbali zake zimapindikira kulikonse, koma ukaimata pamwamba imalimba ngakhale pepala lake ndi lomwelo. Chivomerezi chikabwera chimakankha cham'mbali, khoma lotere limatha kugwera kunja kapena mkati, ndipo gebulo yathuyo pansi pake mpomwe osewera amavalira. Mitengo ina ya denga chiswe chinadya pamalo pomwe imakhala pa khoma, kunja ikuoneka yabwinobwino.

China chomwe anatipulumutsa nacho ndi pulasitala. Makomawa anamangidwa ndi laimu ndi mchenga, osati simenti. Laimu amalola chinyontho kutuluka, pomwe simenti yolimba imachitsekera mkati ndipo njerwa zimayamba kufumbutuka kuseri kwa pulasitala inu osaona, ndi mvula ya ku Zomba kuno mukuidziwa, kuphatikiza madzi otsika m'phirimu. Anationetsa pakona pena pomwe wina anamatapo simenti kale, atagogoda panamveka phwaphwa, njerwa zake kungoyoyoka m'manja. Ife tinali titatenga kale kotesheni ya matumba a simenti oti timate holo yonse.

Tsopano zodandaula. Anati lipoti lituluka pakangopita masabata ochepa koma linachedwa kwambiri, foni ukaimba akuti tikudikira zotsatira za ku labu, osatiuza okha mpaka ife tiyambe kufunsa, pomwe dipoziti tinali titapereka kale ndipo nyengo ya mvula ikuyandikira. Litabwera linali buku lathunthu la chizungu cha mainjiniya, ma MPa (manambala a kulimba kwa konkire ndi njerwa) ndi magirafu okhaokha, anthu ambiri a mu komiti yathu ndi aphunzitsi opuma ndi achinyamata a zisudzo, palibe anamvapo kanthu. Tinachita kupempha kuti abwerenso adzatilongosolere mu Chichewa, anabweradi ndipo anafotokoza bwino kwambiri osatilipiritsanso, koma bwenzi atangoika tsamba limodzi losavuta poyamba pomwe. Mabowo omwe anaboola aja anatseka, kungoti maenje a maziko anakwirira mwachisawawa, tinakonza tokha.

Mtengo si wotsika, ndisakunamizeni, makamaka mbali ya labu ndi thiransipoti yochokera ku Blantyre. Koma mu lipotimo anagawa ntchito potengera changu chake, zoti zichitike munthu asanalowemo ndi zoti zingadikire, zomwe zatithandiza popempha ndalama. Ngati muli ndi holo, tchalitchi kapena sukulu yakale, musanasaine funsani kuti mtengowo ukuphatikiza kuyeza ku labu ndi kukwirira maenje kapena ayi, lembetsani tsiku la lipoti pa pepala, ndipo pemphani chidule cha Chichewa. Funsaninso ku khonsolo ndi ku dipatimenti yoona zinthu zakale musanagumule kalikonse, nyumba zina za ku Zomba kuno nzotetezedwa.

Panopa balikoni taitsekeratu ndipo taika zochirikiza pa mapilala aja. Gawo loyamba ndi ring beam, kumangirira denga ndi gebulo, komanso kusintha mitengo yodyedwa ndi chiswe. Tagwirizana kuti mayi injiniya omwewo adzaone zitsulo konkire isanathiridwe, ulendo umenewo tidzalipira padera.