Ncal: kapulogalamu kodziwa masiku amene anafufutidwa pa kalendala

Pa kompyuta ya Linux kapena Mac, tsegulani terminal, malo olembamo malamulo opita kwa kompyuta, ndipo mulembe cal 9 1752 (cal ndi kapulogalamu koonetsa kalendala). Mwezi wa Seputembala umene utuluke ndi wopereŵera: Lachitatu pa 2, kenako Lachinayi pa 14. Kompyutayo sinasokonezeke ayi. Umu ndi mmene dziko la Britain linasiyira kalendala ya Julius Caesar n'kutenga ya Papa Gregory XIII, ndipo masiku 11 anangodumphidwa. Kalendala yakaleyo inkatalikitsa chaka ndi mphindi 11, zomwe zimakwana tsiku lathunthu pa zaka 128 zilizonse.

Vuto la cal ndi loti imayesa ngati dziko lonse lapansi linasintha limodzi ndi Angelezi. Mukaifunsa za Okutobala wa 1582 ikupatsani mwezi wathunthu, chonsecho ku Italy, Spain ndi Portugal anthu anagona pa 4 n'kudzuka pa 15. Apa m'pamene ncal, pulogalamu ina yoonetsa kalendala, imaposa mnzakeyo. Pa Mac imakhalamo kale. Pa Ubuntu, womwe ndi mtundu wina wa Linux, lembani sudo apt install ncal.

Yambani ndi ncal -p. Ikuonetsani mndandanda wa mayiko, lililonse ndi zilembo zake ziwiri komanso tsiku lomaliza la kalendala yakale. Kenako sankhani dziko: ncal -s PT 10 1582 ikuonetsa mpata wa masiku 10 wa ku Portugal, pomwe ncal -s RU 2 1918 ikupatsani Febuluwale wa ku Russia woyambira pa 14. Wofufuza mbiri ya Amaravi, amene akuyerekeza makalata a Apwitikizi a ku Tete ndi Sena a m'ma 1600 ndi zolemba za Angelezi za nthawi yomweyo, aona msanga kuti madeti awo akusiyana ndi masiku 10. Palinso -e yopereka tsiku la Isitala, ndi -o ya Isitala ya mipingo ya Orthodox. Dziwani kuti ncal imandandalika masiku a sabata chotsika, osati chopingasa. Maso amazolowera pakapita kanthawi.

Zolakwika zilipo, ndipo china n'choopsa. Ku England chaka chinkayamba pa 25 Malichi mpaka 1751, koma ncal imayambira pa 1 Januwale nthawi zonse. George Washington, pulezidenti woyamba wa America, anabadwa dera lawo lili m'manja mwa Angelezi, pa 11 Febuluwale 1731 mwa kawerengedwe kakale, lomwe ndi 22 Febuluwale 1732 mwa katsopano. Mukalowetsa 1731 mmene zalembedwera m'buku lakale, mupeza tsiku la sabata lolakwika ndipo pulogalamuyo sikuchenjezani. Deti lililonse la Angelezi lapakati pa 1 Januwale ndi 24 Malichi, chisanafike chaka cha 1752, muziwonjezera nokha chaka chimodzi.

Chachiwiri, ncal imapatsa dziko lililonse tsiku limodzi basi. Germany yaikidwa pa 1700, pomwe madera ake Achikatolika anasintha kale m'ma 1580. Nayo 30 Febuluwale, yomwe inalipodi ku Sweden mu 1712, simuipeza. Chaka muzilembanso chonse: cal 52 ikupatsani chaka cha 52 chenicheni, nthawi ya Aroma.

Ncal ndi yaulere, siifuna intaneti, ndipo pofufuza tsiku la sabata la deti lakale imaposa Excel, amene sazindikira madeti a m'mbuyo mwa 1900. Koma siisintha deti kuchoka ku kalendala ina kupita ku inzake: muyenera kutsegula ncal -J, yoonetsa kalendala yakale ya Julius, pambali n'kuyerekeza nokha.