Zovala za mayina zovalidwapo kale: shopu ya komishoni ndiyodula koma ili ndi pake

Amene mumafuna Burberry kapena Armani koma thumba likukana zatsopano, mumzinda mumakhala mashopu a mitundu iwiri ndipo musamawasakanize. Kuli aja a kaunjika wamba, amagulitsa chilichonse chimene chafika, ndiye kuli a komishoni komwe mwini chovala amachisiya kuti amugulitsire, chikagulidwa amagawana ndalama ndi a shopu. Ine ndimalowa konse koma ndikambe kwambiri za yakomishoni imene ndinaizolowera poti ndi imene anthu amangoidutsa ati ndi ya mabwana.

Kudula ndiyodula, tisanamizane. Koma chimene ukulipira ndi chakuti wina wakusankhira kale, zong'ambika ndi zothimbirira amazikana pakhomo pomwe, zovala zili zokolekedwa bwinobwino mwa sayizi, palibe zofukula mulu mpaka msana kuwawa. Chinanso chimene ambiri sadziwa, mwini chovala amagwirizana ndi shopu nthawi yoti chikhale pamenepo, ndiye chikakhalitsa osagulidwa mtengo umatsika. Kapepala ka mtengo kaja kamakhala ndi tsiku limene chinalowa, muzikawerenga. Jekete ikakukomerani koma mtengo wakuthawitsani, funsani kuti itsika liti, kungoti mukabwerako mutha kupeza wina wanyamula, zimenezo ndiye mwayi basi.

Pa nkhani ya orijino ndi feki amayesetsa ndithu. Mayi amene amakhala pa kauntala amatembenuza chovala kunja kukhala mkati, kuona msoko, zipi, mabatani, kalebo kochapira kaja. Komabe maso anu musawasiye kunyumba. Lebo ikalembedwa Burberrys, ya s kumapeto, musathamangire kuti ndi feki ayi, kampaniyi inkalemba choncho mpaka 1999, ndiye mwina mwapeza chakale ndipo makhothi awo akalewo nsalu yake ndi yolimba zedi. Jinzi ya Levi's onani kansalu kofiira ka pathumba lakumbuyo, E ya m'dzina la LEVI'S ikakhala yaikulu itha kukhala ya 1971 isanafike ngakhale kuti anadzapanganso zina zatsopano za E yaikulu. Zikwama za Louis Vuitton zinali ndi kanambala kosonyeza komwe zinapangidwa ndi nthawi yake, kuyambira 2021 anayamba kuika kachipu mkati, choncho chikwama chatsopanoko kusowa nambala si umboni kuti nchabodza. Komanso kukhala ndi nambala si umboni kuti nchenicheni, opanga feki nawo amadziwa kudinda manambala.

Pomwe anandikhumudwitsa ndi pa Armani. Giorgio Armani, Emporio Armani ndi Armani Exchange ndi malebo a kampani imodzi koma si a mulingo umodzi, yomalizayi ndi yotchipa kwambiri ngakhale ili yatsopano, koma ndinapeza malaya a Exchange ataikidwa mtengo ngati ndi a Giorgio. Nditafunsa anangoti mwiniwake ndi amene anaumirira. Eti. Apa ndiye pali vuto la komishoni, mwini chovala amakumbukira ndalama imene anagulira ndipo safuna kumva kuti chinthu chinatsika.

China, ukagula wagula, kubweza kulibe, chifukwa ndalama amakhala apereka kale kwa mwini. Ndiye yesani chilichonse musanalipire ndipo sayizi ya pa lebo musaikhulupirire. Jekete ya suti ya ku Italy yolembedwa 50 ndi pafupifupi 40 ya ku UK, kuchotsa 10, komanso zovala za anthu a ndalama zambiri zinadutsa kwa telala, mikono anafupikitsa, chiuno anachepetsa, lebo ikunena zina chovala chikunena zina. Magetsi a m'chipinda choyeseramo ndi ofooka, ine ndimapita nacho pawindo makamaka majuzi a ubweya ndi kashimiya, timabowo ta njenjete timaoneka ukayang'anitsa kowala. Kukhwapa ndi kolala musaiwale kuyang'ana.

Ku kaunjika wamba nkhani ndi ina. Kumeneko mtengo amaika poona kuti ndi malaya kapena buluku, dzina ambiri alibe nalo ntchito, ndiye tsiku lina utha kutola jekete ya Harris Tweed (nsalu ya ubweya yotchuka ya ku Scotland) pa mtengo wa jekete wamba, koma masiku ambiri umatuluka chimanjamanja, ndipo feki kumeneko ndi mbwee palibe wokuonera. Ine ndimayendetsa dzanja pa nsalu kaye, ubweya weniweni, silika, thonje lolemera zimamveka, lebo ndimaona pambuyo. Ngati muli ndi nthawi komanso mumadziwa nsalu pitani kumeneko. Ngati mukufuna suti imodzi yabwino sabata ino ino, yakomishoni ikuthandizani, kungoti powerengera ndalama muphatikizepo ya dirayikilina ndi ya telala chifukwa suti ya ubweya simungaiponye m'madzi.