Ndemanga: tikiti ya Colosseum, Foro Romano ndi Palatino ku Rome

Nyenyezi 4 mwa 5.

Tikiti wamba ndi ya mayuro 18 ndipo imagwira ntchito maola 24. Mumalowa nayo kamodzi mu Colosseum (bwalo lalikulu lakale la zionetsero zomenyana), kamodzinso m'dera la Foro Romano (mabwinja a pakati pa mzinda wakale wa Rome) ndi phiri la Palatino, zomwe zili mumpanda umodzi. Mawu akuti "kamodzi" ndiwo amagwetsa ambiri: mukatuluka ku Foro kukasaka nkhomaliro, ndiye kuti mwatsazika.

Gulani pa intaneti patsamba lenileni la malowa, kudakali masabata angapo. Ogulitsa ena amaonjezera mtengo kwambiri pa tikiti yomweyo. Pamalembedwa dzina lanu ndi ola lolowera mu Colosseum, choncho musasiye pasipoti kuhotela, chifukwa dzina likasiyana akhoza kukubwezani. Ana osakwana zaka 18 salipira, koma nawonso awatengereni tikiti yawo. Fikani padakali mphindi 20 kapena 30, poti aliyense amadutsa pa makina ofufuza katundu. Zikwama zikuluzikulu ndi mabotolo agalasi salola, ndipo malo osungitsa katundu palibe.

Mu Colosseum, yomwe mfumu Titus anatsegulira m'chaka cha 80, ola limodzi ndi lokwanira. Tikiti wambayi siyikufikitsani pabwalo pomwe ankamenyanirana, ngakhale kumakonde apansi komwe ankasungira zilombo. Zimenezo zili pa tikiti ya Full Experience ya mayuro 24, ndipo malo apansiwo amatha msanga. Nyenyezi imodzi yatayika pamenepa.

Phindu lenileni lili ku Foro ndi Palatino, ngakhale magulu ambiri amangothamangako atatopa kale. Patulani maola atatu. Lowerani pachipata cha pa Via di San Gregorio, pomwe mzere sukhala wautali kawirikawiri, mukwere phiri kaye, muone Foro yonse kuchokera pamwamba, kenako mutsikire ku chipilala cha Titus ndi msewu wa Via Sacra. Miyala ya msewuwu ndi ikuluikulu, yosalala koma yosalingana, yoterera kukagwa mvula. Nsapato zazitali chidendene zisiyeni. Mu Julaye ndi Ogasiti mthunzi ndi wochepa, ndiye yambani m'mawa akangotsegula, mutanyamula botolo la pulasitiki lodzazanso pa mipopi ya madzi akumwa yomwe ilimo. Zikwangwani zofotokoza mabwinja n'zochepa, moti popanda wokutsogolerani kapena mapu pa foni mungoona milu ya njerwa.

Nyumba zosungira zakale za ku Vatican sizili pa tikitiyi. Zimenezo n'zolipira padera.