Paketi yotsukira mipando yachikopa ya m'galimoto: thovu ndi burashi n'zabwino, koma mafutawo musawathamangire

Nyenyezi 4 mwa 5.

M'paketimu mumabwera botolo la mankhwala otsukira otuluka thovu, botolo lina la mafuta ofewetsera chikopa, burashi ya ubweya wa hatchi, ndi tinsalu tiwiri ta microfibre. Ndaigwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo tsopano pa galimoto yomwe ndinagula kwa munthu, ya mipando ya mtundu wa kirimu, ija yosabisa litsiro ngakhale pang'ono. Thovu ndi burashi zagwira ntchito yotamandika. Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha mafutawo, makamaka malangizo omwe alemba pa botolo lake, omwe kwa ine akungooneka kuti cholinga chawo n'choti botolo lithe msanga mukagule lina.

Tiyambe ndi nkhani ya kuwala, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amakhumudwira. Ndamva ena akudandaula kuti atatsuka, mipando yawo inasiya kunyezimira. Abale, kumeneko ndiye kuyera kwake. Chikopa cha m'galimoto chikamatuluka ku fakitale sichiwala, ndipo mukachisisita ndi dzanja mumamva timizere take tonse. Kunyezimira komwe timakuona pa mpando wa dalaivala ndi thukuta, mafuta odzola, mafuta a m'tsitsi ndi fumbi, zomwe thupi la munthu lakhala likuzikanikiza tsiku ndi tsiku mpaka kudzaza timizereto, chikopa n'kusalala see. Mukafuna umboni, yerekezani mpando wa dalaivala ndi pakati pa mpando wakumbuyo, pomwe anthu sakhalapo kawirikawiri.

Pofuna kuona mphamvu ya thovuli, ndinamata tepi ya pepala pakati pa mpando wa dalaivala n'kutsuka theka lokha. Thovu limatuluka loyera mbee, koma burashi itangozungulira pang'ono linayamba kutuwa, kenako kufiirira. Popukuta, kansalu kaja kanada bii. Nditamatula tepi panatsala mzere woonekeratu: uku kirimu weniweni, timizere ta chikopa tikuoneka bwinobwino, uko chikasu chonyezimira chomwe munthu angayese kuti ndiwo mtundu wake wa mpandowo. Pa chotsamira mutu ndi poika mkono pakati pa mipando yakutsogolo ndi pomwe panatuluka litsiro lochititsa manyazi kwambiri, ndipo panafunika kubwereza.

Musanatsegule botolo, yambani mwachotsa fumbi ndi makina okoka fumbi, makamaka m'misoko ndi mu mpata uja wa pakati pa pokhalira ndi potsamira msana. Umo ndi momwe mumabisala mchenga. Ukasakanikirana ndi thovu, burashi imaukokera pa chikopa chonse, ndipo mumakhala mukukanda mpando wanu ndi manja anu omwe. Mchenga wotsalira m'misoko ndiwonso umadya ulusi pang'onopang'ono nthawi iliyonse munthu akakhala n'kudzuka. Kapepala ka malangizo ka m'paketimu sikananenepo kanthu pa zimenezi, ndipo ndadabwa nazo.

Thovu muzilipopera pa burashi, osati pa mpando. Tsukani kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, mwina kokula zikhatho ziwiri, mozungulizazunguliza osakanikiza, kenako pukutani thovu lisanaume. Likaumira pomwepo, litsiro lomwe munalitukula limakhalanso pansi ndipo mwangogwira ntchito yaulere. N'chifukwa chake galimoto iyenera kukhala pa mthunzi, mipando itazizira. Pa mpando wotentha thovu limauma musanatembenuke n'komwe kutenga kansalu. Pomaliza ine ndimapitanso ndi kansalu kena konyowetsa pang'ono ndi madzi oyera, kuchotsa mankhwala otsalira.

Burashi imeneyi ndiye mwini filimu. Ubweya wa hatchi ndi wofewa moti sukanda, koma ndi wolimba mokwanira kulowa m'timizere momwe nsalu imangodutsa pamwamba. Ndinayesa thovu lomweli ndi kansalu kokha pa mbali ina: panayera ndithu, koma nditabwerezapo ndi burashi, thovu linatuwanso ngati sipanatsukidwe. Masiku oyambirira imathothoka ubweya pang'ono, kenako imasiya. Mukamaliza muziitsuka ndi madzi n'kuiyanika ubweya utaloza pansi, kuti madzi asalowe mu thabwa lake.

Nanga bwanji osangogwiritsa ntchito sopo wa m'nyumba? Chikopa chofufutidwa chimapendekera ku asidi pang'ono, pH yake (muyezo wa asidi, womwe pakatikati pake ndi 7, ndipo asidi amakhala pansi pa 7) imazungulira pa 5. Sopo wamba wa mtanda amakhala cha pa 9 kapena 10, mankhwala otsukira magalasi okhala ndi ammonia amapendekeranso mbali yomweyo ya pamwamba pa 7, ndipo bulitchi ndiye amapitirira 11. Zinthu zoterezi zimayeretsa msanga tsiku loyamba, munthu n'kusangalala, koma mukamazibwereza zimafooketsa pamwamba pa chikopa, ndipo zikalowa m'misoko ndi m'ming'alu zimaumitsa chikopa chenichenicho. Pa botolo la thovuli alemba kuti pH yake ili pakatikati, ndipo pa miyezi yonseyi sindinaone utoto wa mpando ukutsalira pa kansalu. Ngakhale zili choncho, yambani mwayesa pa malo obisika, monga m'munsi mwa mpando chakumbali. Mipando ina ya magalimoto ogula kwa anthu inapakidwapo utoto wachiwiri, ndipo utoto woterowo sukhala wolimba ngati wa ku fakitale.

Tsopano za mafuta aja. Zikopa zambiri za m'galimoto masiku ano zimafufutidwa ndi mchere wa chromium, kenako amazipaka utoto, pamwamba pake n'kuikapo kachikuto kopyapyala kwambiri, kawirikawiri ka pulasitiki ya mtundu wa polyurethane. Ndiye chomwe dzanja lanu limakhudza si chikopa chenichenicho ayi, ndi chikutocho. Mutha kudziyesera nokha: donthezani dontho limodzi la madzi pa malo obisika. Likangokhala pamwamba osalowa, chikopa chanu n'chokutidwa. Likalowa n'kusiya banga lakuda, ndiye kuti ndi chosakutidwa, cha mtundu wotchedwa aniline, chomwe chimapezeka m'magalimoto ochepa chabe, kapena chikuto chinatha pamalopo. Pa mipando yanga dontho linangokhala pamwamba. Tsono ngati madzi akulephera kulowa, mafuta okhuthala alowera pati? Zili ngati kudzoza mafuta munthu yemwe wavala jekete la mvula.

Pa botolo alemba kuti muzipaka mowolowa manja mwezi uliwonse, n'kuwasiya alowerere. Ndinatsatira ndondomeko imeneyi pa mpando umodzi wakumbuyo kuti ndione chomwe chichitike, winawo n'kuusiya wongotsuka. Kutacha, mpando wopakidwa uja unali ukumata m'manja, wowala, ndipo munthu akakhalapo amaterereka galimoto ikamakhota. Patapita masiku ochepa, ukadutsitsapo chala umaona kanjira, chifukwa fumbi linali litakakamira pa mafutawo. Mnzake wongotsuka uja anali akadali woyera. Mafuta omwe sanalowe amangosanduka msampha wa litsiro lomwe mumalimbana nalo dzulo lomweli. Fungo lake nalonso ndi lamphamvu. Poyamba limanunkhira bwino, koma galimoto ikakhala pa dzuwa mawindo ali otseka, mukatsegula chitseko limakulandirani mpaka kukupweteketsani mutu. Amene mumanyamula ana kapena anthu a chifuwa cha mphumu muziganizire zimenezi.

Sindikunena kuti mafutawa ndi achabechabe. Ali ndi malo ake. M'mphepete mwa mpando wa dalaivala, mbali ya kuchitseko komwe thupi limakhula polowa ndi potuluka, chikuto chimakhala chitaperepeseka ndipo pamakhala timing'alu tating'onoting'ono. Pamenepo mafuta amalowadi, ndipo chikopa chomwe chinali gwa chinafewerapo. Athandizanso kuthetsa kulira kuja kwa chikopa chikamakhulana ndi pulasitiki ya m'mbali. Koma muyezo wake ndi timadontho tiwiri kapena titatu pa kansalu, osati pa mpando, kupaka mopyapyala, kudikira mphindi zochepa, kenako kupukuta ndi nsalu youma mpaka dzanja lisamamve kanthu. Mukatero kangapo pa chaka zakwana. Pa chiwongolero musayerekeze n'komwe. Tsukani ndi thovu, pukutani, basi. Chiwongolero choterera si nkhani ya maonekedwe, ndi ngozi.

Palinso china chomwe ogulitsa mafuta otere sakonda kunena. M'magalimoto ambiri, chikopa chenicheni chimakhala pokhalira ndi potsamira msana pokha, pomwe m'mbali ndi kumbuyo kwa mpando amaikako pulasitiki yofewa ya vinyl yofanana nacho mtundu. Ena mipando yonse si chikopa n'komwe: Toyota ili ndi SofTex, Mercedes-Benz ili ndi MB-Tex, BMW ili ndi SensaTec, ndipo zonsezi n'zopanga. Thovuli limayeretsa bwino zinthu zoterezi, koma mafuta ofewetsera chikopa alibe chochita pamenepo. Ngati pakati pa mipando yanu pali nsalu yaubweyaubweya ya Alcantara, imeneyonso si chikopa, ndi ya polyester ndi polyurethane, ndipo mafuta akaigwera ubweya wake umamatana n'kugona. Onani kaye buku la galimoto yanu.

Amene muli ndi mipando ya timabowo tolowetsa mphepo kapena yotenthetsa, apa ndi pomwe thovu limaposera mankhwala amadzimadzi. Silitsikira m'timabowo msanga, bola mulipopere pa burashi ndipo lisachuluke. Pansi pa chikopacho pali siponji ndi mawaya, ndipo siponji ikanyowa imachedwa kuuma, kenako mumayamba kumva fungo la nkhungu. Mafuta aja ndiye amatseka timabowoto n'kuumiramo, timadontho toyera mbuu, ndipo kuwachotsa kwake n'kotola kabowo kamodzikamodzi ndi kamtengo kosongoka. M'mbali mwa mipando yakutsogolo, pomwe pali kachizindikiro ka airbag, musanyowetse msoko kapena kuukwecha mwamphamvu, chifukwa ulusi wake anausoka mwapadera kuti uzing'ambika airbag ikamatuluka.

Pa mabanga, zotsatira zake n'zosakanikirana. Utoto wabuluu wa jinzi, womwe ndi mdani wamkulu wa mipando yowala mtundu, umachoka mosavuta ukakhala wa sabata yomweyo. Wakalekale, womwe ndinaupeza kale pa mpando, unangochepa, sunathe, chifukwa ukakhalitsa umalowerera mu chikuto chija. Zakumwa zomwe ana anatayira ndi mapazi amatope kumbuyo kwa mipando zinachoka ulendo umodzi. Inki ya bolopeni sinasunthe ngakhale pang'ono. Pa chitseko ndi pa chiwongolero palinso timabanga totuwa ta sanitaiza, ndipo timeneto si litsiro: mowa wa mu sanitaiza, womwe umakhala 60 peresenti kapena kupitirira, umadya chikutocho, ndiye palibe choti mutsuke. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amachitanso chimodzimodzi pa pulasitiki ndi vinyl, choncho muzidikira manja aume musanagwire chiwongolero.

Pokamba za inki, wina adzakuuzani kuti mutenge kasiponji koyera ka melamine kaja kofufutira zipupa. Kamachotsadi, koma kamachotsa pokhula, ndiye kamapita ndi chikuto chomwe, n'kusiya malo otuwa omwe amada msanga kuposa kale. Polishi ya nsapato imathera pa zovala za anthu. Mafuta ophikira amavunda m'misoko n'kuyamba kununkha. Zonsezi ndi njira zachidule zomwe mapeto ake n'kukasoketsa mpando.

Tinsalu tiwiri ta m'paketimu ndi tating'ono ndiponso topyapyala. Kamodzi kamakhala katada musanamalize mpando woyamba, ndipo kupukuta ndi nsalu yakuda n'kungosamutsa litsiro. Konzekerani zina zinayi kapena zisanu, makamaka zoyera, kuti muziona chomwe chikuchoka komanso kuti muzindikire msanga ngati utoto wa mpando wayamba kutsalira pa nsalu. Pozichapa musathire mankhwala ofewetsa zovala, chifukwa amachititsa microfibre kusiya kumwa madzi. Chinanso chondinyansa n'chakuti mabotolo awiriwa ndi ofanana kukula, chonsecho thovu ndi lomwe limagwira ntchito pafupipafupi. Langa latsala pang'ono kutha pomwe mafuta akadali pakhosi pa botolo. Akanachita bwino kukuza la thovu, la mafuta n'kulichepetsa.

Pa bokosi alembanso kuti mafutawa amateteza ku dzuwa. Mwina amathandizako, koma musawadalire. Galasi lakutsogolo limatchinga kuwala koopsa kwa dzuwa (UV) kochuluka chifukwa lili ndi pulasitiki pakati, pomwe magalasi a m'mbali a magalimoto ambiri amalola kwina kudutsa. Kutentha nakonso kumaumitsa chikopa kuchokera m'kati, ndipo mpando wa galimoto yoimikidwa pa dzuwa umatentha moti sungakhalepo ndi kabudula. Chotchinga dzuwa cha pa galasi lakutsogolo ndi kuimika pa mthunzi zimachita zambiri kuposa botolo lililonse.

Amene mipando yanu inang'aluka kale mpaka kuoneka zotuwa za m'kati, paketiyi sikuthandizani pamenepo, ngakhale chithunzi cha pa bokosi chikuonetsa ngati ingatero. Kutsuka kumapangitsa ming'alu kuonekera kwambiri, chifukwa litsiro lomwe limaibisa lachoka. Mng'alu wakuya umafuna munthu wodziwa ntchito yokonza zikopa, woti amatepo, asalaze, apake utoto wofanana ndi mpandowo n'kubwezeretsa chikuto. Ngati mukuganiza zopita kumeneko, tsukani ndi thovu lokha ndipo mafutawo musapake, chifukwa utoto watsopano sugwira pa chikopa chonona.