Batire la sola patatha chaka: VAT ya ziro inathandiza mpaka pati?

Batire lathu kuno ku Leeds laona nyengo yotentha ndi yachisanu yomwe, choncho tsopano ndingayankhe anzanga amene amandifunsa ngati kuchotsedwa kwa msonkho wa VAT pa mabatire a sola kunali kwaphindu.

Mapanelo tinali nawo kale. Poyamba, munthu wowonjezera batire pa mapanelo akale ankalipira VAT yonse ya 20 peresenti, koma kuyambira pa 1 February 2024 boma la Britain linaitsitsa kufika pa ziro. Pa ntchito ya £4,000, ndiye kuti £800 yatsala m'thumba. Palibe fomu yolemba, palibe ndalama zodikira kuti akubwezereni: msonkhowo sumaoneka n'komwe pa invoisi. Chofunika n'chakuti kampani yokugulitsani batire ikhalenso yodzakuikirani. Mukaligula nokha m'sitolo, 20 peresenti ija mulipira ndithu.

Ndalama yotsala m'thumba ija ndi imene inatilimbitsa mtima kugula. Koma yomwe yakhala ikutsitsa bilu mwezi ndi mwezi ndi nkhani ina.

M'miyezi ya June ndi July batire limadzaza tisanadye nkhomaliro, ndipo kuphika kwa madzulo konse kumachokera mmenemo. Magetsi otsala timagulitsa kudzera mu Smart Export Guarantee, ndondomeko ya boma imene makampani a magetsi amalipirira eni mapanelo pa magetsi amene awatumizira. Apo palibe chodandaula. Mu December ndi pamene ndinalidziwa bwino. Dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, mitambo ili bii, ndipo mapanelo amangodontheza. Batire likanangokhala lopanda ntchito tikanapanda kusamukira ku mtengo wa magetsi wotsika usiku. Timalitchaja anthu ali mtulo, n'kugwiritsa ntchito magetsiwo masana ndi madzulo pamene yuniti yakwera mtengo. Kwa ine phindu lenileni lagona pamenepa, ndipo ndimamva chisoni ndikaona banja lagula batire koma likulipirabe mtengo umodzi usana ndi usiku.

Lathu lili m'galaja, ndipo kukazizira kwambiri limatchaja pang'onopang'ono. Si kuwonongeka ayi, limadziteteza lokha, komabe usiku wina silidzaza. Amene muli ndi malo ofundirako, ikani kumeneko.

China chimene ife ochokera kumudzi timayembekezera, pokhala tinakulira kuzimazima kwa magetsi, n'chakuti batire liziwunikira nyumba magetsi akathima. Ambiri mwa mabatire a kuno satero pokhapokha mutaitanitsa mawaya ndi chipangizo chapadera, ndipo zimenezo zili ndi mtengo wake. Funsani musanasaine. Ife sitinaikitse, chifukwa kuno magetsi sazimazima.

Kodi ndingagulenso? Inde, koma lokulirapo, popeza m'nyengo yachisanu lathu limatha tisanagone. VAT ya ziro ikutha pa 31 March 2027, kenaka idzakhala 5 peresenti, ndiye batire lachiwiri tikufuna tiikitse tsikulo lisanafike.