Buku la Hannah Woolley lija: momwe lakhalira patapita miyezi

Ena mukukumbukira kuti chakumayambiriro kwa chaka ndinalemba pang'ono za buku lomwe ndinaitanitsa pa intaneti, The Queen-like Closet la Hannah Woolley, buku la zophika ndi mankhwala a pakhomo lija linatuluka koyamba ku London mu 1670. Osati lenileni lakale ayi, ndalama zake ndingazitenge kuti ine, koma mtundu uja amangojambula masamba a buku lakale nkusindikiza ukaoda. Nthawi ija ndinangoti pepala ndilabwinoko, zilembo zikuwerengeka, tiona kutsogoloku. Pano laona mafuta, laona nthunzi, lagwerapo m'sinki, ndiye nditha kulankhula.

Tiyambe ndi thupi lake poti ndi zomwe ambiri munafunsa. Guluu wa kumsana sanapirire. Masamba a pakati, pomwe ndimatsegula kawirikawiri, anayamba kuthothoka limodzilimodzi ndipo pano ali ndi selotepi. Kujambula kwakenso nkwa changu, masamba ena ndi akuda mbali ya kumsana moti mawu omaliza a mzere anadyeka, tsamba lina analiika kawiri, ndipo analikulitsa kwambiri pomwe mabuku a mtundu uwu anali ang'onoang'ono oti mayi aike m'thumba la epuloni. Pomwe mawu adyeka ndimakaona pa Project Gutenberg, tsamba la pa intaneti la mabuku akale, buku lomweli lilipo lotayipidwa ndipo ndi laulere. Kanthu kamodzi kanandiseketsa: osindikiza akale ankaika pansi pa tsamba lililonse, kudzanja lamanja, liwu loyamba la tsamba lotsatira, kuti wosanja masamba asasokoneze. Tsiku lomwe masamba anga anamwazika pansi, timawu timeneti nditomwe tinandithandiza kuwabwezera m'malo. Za "s" wamtali uja wooneka ngati "f" musadandaule, maso amazolowera msanga.

Kuphika tsopano. Chomwe ndabwereza kwambiri ndi payi wa maungu. Mayiwa amati senda dzungu, ulidule mopyapyala, uviike m'mazira opunthidwa osakaniza ndi timasamba tonunkhira, ukazinge m'chiwaya, kenako uyale mu payi ndi batala, mphesa zouma, shuga ndi vinyo wa ku Spain uja ankamutcha sack, pansi pake uike maapozi owawasa. Basi. Sakuuza dzungu lalikulu bwanji, mazira angati, moto wochuluka bwanji, amangoti kazinga mpaka litakwanira. Mnzanga wa kuntchito, mzungu wokonda kuphika ndi sikelo ndi wotchi, anayesa nkubwera akudandaula kuti bukuli ndi lopanda pake. Ine sizinandivute, poti ndi momwe amayi anandiphunzitsira chigumu, palibe anatchulapo magalamu, umaona ndi maso nkumva ndi mphuno. Kukoma kwake? Si kwa aliyense. Dzungu lokazinga m'mazira kukumana ndi mphesa ndi apozi, ana anga anadya kagawo kamodzi nkupempha buledi. Koma ukachepetsa shuga, nkusankha maapozi owawasadi aja ophikira, limakhala bwino kwambiri ndi tiyi, lozizira makamaka. Vinyoyo ndimasiya, ndimathira madzi a malalanje pang'ono.

Gawo loyamba la bukuli ladzaza ndi zosunga zipatso m'shuga, maswiti, ndi madzi otcheza a mankhwala. Shuga wake ndi woopsa abale, nthawi zambiri kulemera kwa shuga kumafanana ndi kwa chipatso. Ndipo ukamawerenga umakumbukira kuti m'zaka zimenezo shuga anayamba kutsika mtengo ku England chifukwa cha minda ya nzimbe ya ku Barbados, komwe ankalima ndi anthu ogwidwa ukapolo kuchokera ku Africa. Bukuli silitchula zimenezo nkomwe. Za mankhwalazo sindinayese ndipo musayese. Pali ina ya madzi a nkhono, amati ochiza chifuwa chachikulu, nkhono zambirimbiri zowotcha pa makala zili ndi zigoba zake, kuphatikiza nyongolotsi. Pali madzi a mliri. Zowerenga izo, osati zakumwa.

Koma chomwe chapangitsa kuti bukuli lisachoke kukhitchini kwanga si zophikazo kwenikweni. Ndi masamba akumapeto, omwe poyamba munthu umangowadumpha. Kumeneko Woolley akulankhula ndi antchito a m'nyumba za olemera, mmodzimmodzi, wophika, mtsikana wothandiza wophika, woyang'anira tebulo, wodula nyama, aliyense akumuuza ntchito yake ndi khalidwe lake. Ndipo akunena poyera kuti akumvera chisoni atsikana a m'mabanja abwino omwe makolo awo anasauka chifukwa cha nkhondo, mliri ndi moto, nkuyamba kugwira ntchito zonyozeka poti sadziwa luso loti awalembere ntchito yabwinoko. Nkhondo yake ndi yapachiweniweni ya ku England ija inayamba mu 1642, mliri ndi wa 1665, moto ndi womwe unapsereza London mu 1666. Ndiye ukabwerera ku zophika zija umaziwerenga mwanjira ina. Dzina la pachikuto likukamba za mfumukazi, koma wowerenga yemwe mayiwa akumuganizira ndi mtsikana wofuna ntchito, woti akaime pamaso pa adona nkunena kuti ndimatha kusunga zipatso, ndimatha kuyala tebulo la alendo. Nchifukwa chake pa zophika ngati payi uja sataya nthawi ndi kuyeza, akulankhula ndi munthu woti moto amaudziwa kale.

Mayi Woolley eni ake anadutsa momwemo. Anayamba ntchito m'nyumba ya mayi wina wolemekezeka ali ndi zaka 17, kenako anakwatiwa ndi mphunzitsi wa sukulu ku Newport ku Essex, pambuyo pake anasamukira ku Hackney, pafupi ndi London, komwe ankayendetsa sukulu yogonera konko. Buku lawo loyamba, The Ladies Directory la 1661, analisindikiza ndi ndalama za m'thumba mwawo. Litayenda malonda, lachiwiri la 1664 wogulitsa mabuku Peter Dring ndiye analitenga. Ambiri amati ndi mayi woyamba ku England kupeza ndalama zodyera polemba mabuku a zapakhomo, ndipo Queen-like Closet linafika pomasuliridwa m'Chijeremani.

Kuti mumvetse kulimba mtima kwake onani zomwe zinalipo asanabwere. Buku lotchuka lophunzitsa amayi kusamala pakhomo, The English Huswife la 1615, analemba ndi bambo, Gervase Markham. Mu 1653 kunatuluka buku la mankhwala lokhala ndi dzina la Elizabeth Grey, mayi wolemekezeka wa udindo wa Countess wa ku Kent, koma mwini wake anali atamwalira kale mu 1651, sakanatha kuvomera kapena kukana. Mu 1655 kunabwera The Queens Closet Opened, lomwe ankati ndi zinsinsi za kukhitchini kwa mfumukazi Henrietta Maria, wolemba wake anangosaina W.M. Ogulitsa mabuku anali atazindikira kuti dzina la mayi wotchuka pachikuto limagulitsa, bola mayiyo asakhale pafupi kuti afunse ndalama. Woolley anali wamoyo, sanali wachifumu, anaika dzina lake lonse, ndipo mutu wa buku lake ukuchita kuonekeratu kuti anakwera pa msana pa la 1655 lija. Bizinesi ankaidziwa mayi ameneyu.

Koma nayenso anamudya. Mu 1673 wogulitsa mabuku Dorman Newman anatulutsa The Gentlewoman's Companion, pachikuto dzina la Hannah Woolley, mkati zinthu zotolatola m'mabuku a anthu ena kusakaniza ndi zake, chithunzi chakutsogolo cha mayi winawake chomwe anangochikonza pang'ono. Chaka chotsatira, mu 1674, Woolley anatulutsa Supplement, buku lowonjezera pa Queen-like Closet, ndipo momwemo anadandaula kuti amunamizira ndi kumuwonongera dzina. Kupitirira apo panalibe zambiri zoti achite. Nthawi imeneyo mabuku ankayendetsedwa ndi Stationers' Company, bungwe la osindikiza ndi ogulitsa lomwe linalandira chilolezo cha ufumu mu 1557, ndipo umwini wa buku unali wa membala amene walilembetsa m'kaundula wawo, osati wa wolemba. Lamulo loyamba kupereka ufuluwo kwa wolemba linabwera mu 1710, mayiwa atapita kalekale. Chondipweteka nchoti mpaka lero ukasaka dzina lawo pa intaneti, buku lomwe analikana lija limatuluka pamwamba, ogulitsa ena akulitsatsa ngati lawo lenileni. Mukamagula muonetsetse mutu.

Mmodzi wa inu anafunsa ngati sikuli bwino kungogula la Hannah Glasse la 1747, The Art of Cookery Made Plain and Easy. Achemwali, ngati cholinga ndi kuphika, inde, limenelo ndi losavuta, Chingerezi chake chayandikira chathu chino, amayezako pang'ono, mulinso ndiwo ya Chimwenye ija ya curry. Koma dziwani kuti ngakhale patapita zaka zoposa 70 kuchokera pa Woolley, Glasse sanaike dzina pachikuto, anangolemba kuti ndi la mayi wina, moti panali anthu ophunzira ankalimbikira kuti analemba ndi mwamuna. Mu 1754 bizinesi yake itagwa ndi ngongole, umwini wa bukulo unagulitsidwa kwa ogulitsa mabuku, ndipo ndi iwo anadyerera zaka zonse zomwe linkasindikizidwa mobwerezabwereza. Ine pa awiriwa ndimakonda Woolley, ali ndi pakamwa, amakalipira antchito aulesi ndi adona ouma mtima mofanana.

Ndiye ndingagulenso? Lomweli la guluu wosalimba ayi. Ngati mukungofuna kuwerenga, tsitsani laulere lija pa foni, simutaya kanthu kupatula maonekedwe a tsamba ndi chithunzi chakutsogolo chija chooneka amayi ali pa ntchito, wina pa uvuni, wina akutakasa poto pamoto, wina pa chotchezera. Ngati mukufuna logwira m'manja sakani losokedwa ndi ulusi lachikuto cholimba, ndipo mufunse wogulitsayo akutumizireni chithunzi cha masamba a pakati musanalipire. Mufunsenso ngati Supplement ya 1674 ilimo, poti makope ena akale ankaiphatikiza kumapeto koma langa lilibe, ndipo ndi yomwe ndikusaka pano.